Ascaris m'buku la Tiya, dothi m'chikwama changa

Lachiwiri la sabata yatha m'mawa, ndikupita kokatsuka kapoti ka mwana wanga Tiyamike, ndinapezamo chinthu chikuyenda.

Pepani ngati mukuwerenga izi muli pa tiyi. Chinali chachitali ngati pensulo, chotuwa, chosongoka uku ndi uku, ndipo sichinali pa changu. Wa changu ndinali ine. Ndinabereka mwana osamuveka ndi nsapato zomwe, ulendo wa kuchipatala. Kuntchito ndinaimba foni ndili kale m'minibasi.

Tiya ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Ndi woyamba, ndi yekhayo. Inu a ana anayi mundiseka, ndikudziwa. Ine ndine mayi uja amene mwana akatsokomola kamodzi ndimayamba kuwerenga mpweya wake.

Kuchipatala mzere unali utazungulira khonde. Nditalowa ndinapeza dokotala wachinyamata, maso ali ofiira ndi kutopa. Anamukoka Tiya chikope, anamudina pamimba, kenako anandifunsa osadzutsa mutu.

"Amadya dothi mwanayu?"

"Ayi adokotala, sindinamuonepo."

Analemba m'buku la kuchipatala la Tiya, nandiuza kuti ndikalandire piritsi pa windo, ndizimusambitsa m'manja, ndizimuwenga zikhadabo. Kenako anakuwa kuti wotsatira alowe.

Ndinatsegula bukulo ndili panja. Munali mawu awiri: Ascaris lumbricoides.

Njoka za m'mimba ndimazidziwa, ndani sanamwepo mankhwala ake ali ku pulayimale? Koma mtima unandiuza kuti zikanakhala njoka wamba, dokotala sakanalemba dzina lotenga mzere wonse. Iyi ndi ina, yoopsa, ndipo sanafune kundiuza pamaso. Ndinalemba dzinalo pa foni kuti ndione. Chithunzi choyamba chinali beseni lodzaza ndi zinthu zija, akuti zochotsedwa m'mimba mwa mwana pa opaleshoni. Ndinazimitsa foni osawerenga liwu ndi limodzi lomwe.

Ndili ndi satifiketi ya ku koleji, ndimalemba makalata a mu ofesi m'Chingerezi chopanda cholakwika. Koma mawu awiri aja anandibweza ku sitandade wani.

Bambo a Tiya ataweruka anatenga bukulo n'kuliwerenga chilembo ndi chilembo, monga amawerengera mawaya a magetsi kuntchito kwawo.

"Matenda a dzina lotere sangachokere m'nyumba muno," anatero. "Inu mumakolopa kawiri pa tsiku. Izi wazitenga kwa amayi Kachingwe."

Amayi Kachingwe ndi mayi wamasiye amene ali ndi kasukulu ka mkaka kunyumba kwawo, kumtunda kwa ife kuno ku Machinjiri. Ana ake sakwana makumi awiri, ndipo ndi ana omwewo amene amawadyetsa iwo ndi adzukulu awo. Lachinayi amuna anga anakamusiya okha mwana. Atabwerako anandiuza, monyadira ndithu, kuti awalankhula mayiwo pa geti pomwepo makolo ena akumva: kuti bwalo lawo ndi lauve, kuti mwana wathu watenga nthenda yomwe ngakhale dzina lake n'losatchulika. Anati Lolemba alemba nkhaniyi pa gulu la makolo la pa foni, Tiya n'kumusamutsa.

Mukudziwa chimene uthenga umodzi wotere umachita pa gulu la makolo. Pofika Lachitatu pa khonde la mayi aja pakanatsala mikeka yokha.

Ine ndinangoti, "Hmm."

Tsopano ndinene chimene sindinauze dokotala, chimene sindinauze mwamuna wanga.

Ndimadya dothi.

Ndinayamba ndili ndi pakati pa Tiya, monga amayambira ambiri, koma anzanga anasiya atachira. Ine sindinasiye. Ndimagula lowotcha lija, loyera motuwira, kwa amayi ena mumsika wa Limbe, lomanga m'timajumbo. Limakhala m'kathumba ka m'kati ka chikwama changa. Ndimadya ku ofesi abwana akatuluka, ndimadya kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Amene simunalawe simungamve: fungo la mvula yoyamba, koma lili m'kamwa, likuphwanyika pa mano. Tsiku likatha osalidya ndimakwiya ndi aliyense.

Kwa mwamuna ndinabisa bwinobwino zaka zitatu. Kwa mwana sindinathe, mwana amalowa osagogoda. Akati "mami ndipatseni", ndimati ndi mankhwala a akuluakulu. Ndipo kawiri konse ndinamupeza kuseri kwa nyumba, cha kumene kumadutsa madzi ochokera kumabafa a aneba, akukanda dothi ndi kasupuni, pakamwa pali psuu. Ndinamumenya kadzanja, ndinamupukuta, sindinauze munthu.

Make mbuu, mwana mbuu. Akuluakulu ananena, ndipo ankanena za ine.

Loweruka mtima unandikanika. Ndinatenga mabuku n'kupita kwa Asiyatu, mnzanga wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Iye anaphunzira za miyala ku yunivesite, ndipo amayenda ndi anthu obowola mijigo, kuwauza poti abowole. Pa khonde pake pamakhala timatumba ta miyala tolembedwa manambala, moti apongozi ake amati anakwatitsa mwana wawo kwa mkazi wotola zinyalala. Ndinamupeza akuchapa, mpango utamangidwa bwino kumutu, thovu mpaka m'zigongono.

"Chemwali, nkhope imeneyo ndi ya maliro kapena ya ukwati wovuta?"

"Tandiwerengera ichi. Koma usandibisire."

Anapukuta manja n'kuyang'ana. Ndinaona mapewa akuyamba kugwedezeka.

"Ukuseka? Mwana wanga akudwala iwe ukuseka?"

"Pepa, pepa. Ine si dokotala, ndine wa miyala, koma izi tinaloweza chaka choyamba mpaka kulota. Ascaris ndi liwu la Agiriki akale, ndi njoka ya m'mimba basi. Lumbricus ndi nyongolotsi m'Chilatini, yomwe ija ana amakumba pokawedza. Kumapetoko, oides, ndiye kuti chofanana nacho. Adokotala akowo alemba kuti njoka ya m'mimba yooneka ngati nyongolotsi."

"Basi?"

"Iwe unaona chiyani m'poti?"

"Chooneka ngati nyongolotsi."

"Ndiye mwagwirizana ndi azungu a kalekale. Zabwino zonse, wakhoza sayansi."

Ndinakhala pansi pa thumba la miyala. Masiku anayi osadya bwino, chifukwa cha munthu amene anangonena zimene ndinaona ndi maso anga.

Asiyatu akayamba za mayina sasiya. Anati udzudzu wa malungo, uja amaulemba kuti Anopheles, dzinalo limangotanthauza wopanda phindu. "Ngati mlamu wanga uja wa bawo," anatero, n'kuyang'ana kumpanda ngati wamva. Kachilombo ka malungo oopsa aja, falciparum, akuti anakatcha choncho chifukwa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono kamapindika ngati chikwakwa. Katondo wathu wofiirayu, uja amauma gwa n'kusanduka ngati mwala, iwo amati laterite, kuchokera ku liwu la njerwa, chifukwa amene anamutcha anaona anthu akumudula n'kumangira nyumba. Anatola mwala wa timadonthomadontho n'kuti uwu ndi granite, ndiye kuti wa tinjerenjere.

"Anthu aja sanali amatsenga, chemwali. Ankayang'ana chinthu n'kunena chimene chikufanana nacho. Chilankhulo chawo chokha ndiye chinafa, mayina n'kutsala akuopseza anthu."

Akulankhula choncho anasiya mwadzidzidzi. Anali akusisita chikuto cha buku la Tiya ndi chala. Ananunkhiza chalacho, n'kuchipekesa ndi chinzake, n'kuchiyang'anitsa padzuwa. Bukulo linali litagona m'chikwama changa sabata yonse.

"Kaolin uyu," anatero. "Ukupanga makapu kunyumba kwako?"

"Ndi fumbi chabe."

"Fumbi la ku Machinjiri ndi lofiira. Ili ndi dongo loyera, lotereramo, ndipo lawotchedwa. Ukufuna kunamiza munthu amene amadyera dothi, za dothi?"

Ndinatulutsa kajumbo kaja n'kukaika pa beseni lovundikira.

Sanaseke ulendo uno. Anaphwanya kachidutswa n'kundionetsa tinthu tonyezimira m'kati mwake. Anati timeneto ndi mica, ndipo liwulo m'Chilatini ndi nyenyeswa. Dzina la dongolo, kaolin, akuti ndi la phiri lina ku China kumene ankakumba lopangira mbale zawo zoyera zija, ndipo limangotanthauza mtunda wautali. Ndikuganiza kuti ankandipatsa nthawi yoti ndimeze malovu.

"Kuyambira liti?"

"Mimba ya Tiya."

"Ku sikelo unawauza?"

Ndinawauza, inde, kamodzi. Namwino analemba kanthu m'buku langa n'kundipatsa mapiritsi ofiira a magazi. Buku langa ndi la mwana amakhala m'jumbo imodzi, choncho ndinalitulutsa, tinapeza tsambalo. Panali kaliwu ka zilembo zinayi, pica, ndipo pambali pake anaemia ndi chizindikiro cha funso. Zaka zitatu mawuwo ali m'nyumba mwanga, sindinafunsepo.

"Pica ndi mbalame ya kwawo kwa azungu," anatero Asiyatu. "Yakuda ndi yoyera, msuweni wake wa khwangwala. Ankati imatola chilichonse, chodyedwa ndi chosadyedwa chomwe. Ndiye munthu wolakalaka dothi, makala, choko, anangomutcha dzina la mbalameyo. Liwu linalo ndi losavuta: an, palibe, aemia, magazi. Namwinoyu ankakayikira kuti magazi ako ndi ochepa, paja zinthu ziwirizi zimakonda kuyendera limodzi. Mapiritsi unamwa?"

Apa ndiye pali manyazi anga enieni. Azakhali anga anandiuza kuti mapiritsi a magazi amakulitsa mwana m'mimba, ukamwa kwambiri akakung'amba. Akazi awiri pa mzere wa sikelo ananenanso zomwezo. Ndinamwa masiku atatu, otsalawo ndinkakataya m'chimbudzi mwezi ndi mwezi, namwino akafunsa n'kumati ndikumwa.

"Iwe ndi satifiketi yako yonseyo?"

"Ine ndi satifiketi yanga yonseyo." Ndinamuuzanso za Tiya ndi kasupuni kuseri kwa nyumba.

"Lolemba ukayezetse magazi. Dothi lakoli n'lowotcha, mwina silimene lamupatsa njoka Tiya. Koma la kuseri kwa nyumba sawotcha, ndipo mazira a njokazo amakhala m'dothi momwemo. Nanga anamuphunzitsa ndani kuti dothi ndi chakudya?"

Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza za mabuku athuwa. Nyumba iliyonse muno m'tauni ili nawo, ena akutidwa ndi nyuzipepala, ena ananyowapo ndi mvula. Timawasunga ngati Baibulo, koma Baibulo timaliwerenga. Bukuli lili ndi dzina lako pachikuto, likunena za thupi lako, koma timalitenga ngati kalata ya dokotala yopita kwa dokotala mnzake, ife ndife amtengamakalata chabe. Ndi angati mwa inu munafunsapo kuti, adokotala, mwalembazi zikutanthauza chiyani? Timaopa kuoneka mbuli. Timaopa anthu a pa mzere amene ayamba kale kung'ung'udza. Timaopanso yankho.

Safunsa anadya phula. Ine ndinadya dothi.

Chonsecho kwathu kuno timatcha zinthu mwanjira yomweyo. Amene anati likodzo anaona pamene nthendayo imaonekera. Amene anati kaliwondewonde anaona thupi la munthu likutha. Mlimi wa ku Machinjiri kuno amasiyanitsa katondo, makande ndi mchenga osapita ku yunivesite, ndipo amadziwa kuti chinangwa chikonda pati. Mzungu atamva kaliwondewonde koyamba, sangaganize kuti ndi mawu a anthu ozama? Kusiyana kwake n'kwakuti athuwa timawamva ali moyo, pamene awo amatifika atauma ngati usipa, ofuna kuviika kaye.

Sindikunena kuti madokotala asiye mayinawa. Asiyatu anandifotokozera kuti ntchito yake ndi yoti wa ku Blantyre ndi wa kutsidya la nyanja akanena njoka, azinena njoka imodzimodzi, poti za m'mimba zilipo mitundumitundu ndipo mankhwala ake si amodzi. Zimenezo ndazimva. Sindikumuda ngakhale mnyamata wotopa uja, anali ndi khonde lodzaza. Ndingopempha kuti cholembera chikamayenda, pakamwa pazinenanso. "Ndi njoka wamba, mayi, yonga nyongolotsi, imachokera m'dothi." Mawu amenewo satha ndi mphindi imodzi yomwe.

Koma ndisathawire kwa madokotala, ndingakhale ndikunamanso. Dokotala anandifunsa funso loyenera, m'Chichewa chomveka, ine ndinamunamiza. Ndipo chimene chandisowetsa mtendere kwambiri ndi ichi: dzina lija ndinkaliopa, komanso linkandithandiza. Pamene linali losamveka, linali ngati chitenje chondifunda. Nthenda ya dzina lachilendo imachokera kutali, kwa anthu ena, pa bwalo la mayi wamasiye. Asiyatu atangolimasula n'kukhala nyongolotsi ya m'dothi, panalibenso pobisala. Dothi la kuseri kwa nyumba ndimalidziwa. Kasupuni kaja ndinakatsuka ndine.

Kodi si chifukwa chake ena a ife sitifunsa? Mwina si umbuli ayi. Mwina timadziwa kuti tanthauzo likabwera, libwera ndi ntchito yoti tichite.

Lamulungu titabwera kutchalitchi, Tiya akugona, ndinaika kajumbo kaja pa tebulo pamaso pa bambo ake.

"Ichi n'chiyani? Mankhwala a makoswe?"

"Ndi dothi. Ndimadya ineyo. Tiya amaonera ine."

Ndinanena zonse, za kuseri kwa nyumba, za mapiritsi, za bodza la kuchipatala. Anatenga kachidutswa, anakaluma, n'kuthamangira pakhomo kukalavula.

"Mayi a Tiya! Zaka zitatu ndikugona ndi munthu wodya khoma?"

Ndinaseka ndikulira. Iwonso anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. Anayang'ana foni yawo pa tebulo. Uthenga wa pa gulu anali ataulemba kale, ukungodikira Lolemba.

"Ndiye Lachinayi lija munandisiya ndipite kukanyoza mayi aja, inu mukudziwa?"

"Eya."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anafufuta uthengawo ine ndikuona, n'kunena kuti popeza anawalankhulira pa geti anthu akumva, akapepesanso pa geti pomwepo anthu akumva, ndipo ine ndikaima pambali pawo.

Lolemba tinapita tonse atatu, nthawi imene makolo amasiya ana. Amayi Kachingwe anali akusesa bwalo lomwe lija tinalitcha lauve, atawaza madzi kuti fumbi lisabuke. Atationa anaimika tsache. Amuna anga anavula kapusi n'kulankhula mokweza, kuti anawalakwira, kuti nthendayo ndi njoka wamba ndipo mwana anaitenga kunyumba. Azimayi awiri amene analipo Lachinayi anayang'anizana. Kenako inali nthawi yanga.

"Amayi, nkhani yake ndi yakuti ineyo..."

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero, motsitsa mawu kuti ena asamve. "Tiya akafika pano amakhala pakona apo n'kumatola timiyala, kumaika kukamwa monamizira. Ndikamuletsa amati, 'Anti, ndikumwa mankhwala ngati mami.' Kuyambira chaka chatha."

"Nanga bwanji simunawauze bambowa tsiku lija? Akukunyozani pagulu?"

"Ndikanati chiyani, kuti akazi anu amadya dothi? Pa geti? Imeneyo inali nkhani yoti munene ndinu. Ine ndinadyapo pa mimba zitatu, ndikudziwa mmene limaitanira."

Anamugwira Tiya dzanja n'kulowa naye, n'kumufunsa ngati wasamba m'manja.

Ine ndinakwera minibasi ya kuchipatala. Magazi anapezekadi ochepa, ndipo ndinabwerako ndi mapiritsi ofiira omwe aja. Lero ndi tsiku lachitatu ndikumwa, amandichititsa nseru, ndipo dzulo podutsa mumsika wa Limbe ndinachita kuwolokera mbali ina ya msewu kuti ndisaone amayi a timajumbo aja. Sindikulonjeza kuti ndapambana.

Chimene sichikundichoka ndi mayi uja. Masiku anayi analola kutchedwa wauve, sukulu yake ili pafupi kutha, kuti asaulule chinsinsi cha mkazi amene sanamuteteze ndi liwu limodzi lomwe. Inu amene muli ndi kathumba ka m'kati ngati kanga, kaya muli dothi, kaya muli china, mukudziwa amene akukusenzerani mlandu wake?